Nyumba ili pa Mitundu, msonkho wake akufunsa ku Joni

Uthengawo unalowa pa foni yanga m'mwezi wa July 2024, ndili pamzere wodikira taxi ku Tembisa. Unachokera ku SARS, bungwe lotolera misonkho la ku South Africa. Amene munakhalako ku Joni mukudziwa kuti mlendo akaona uthenga wa boma, mtima umayamba wagunda kaye asanawerenge. Koma uwu unali wokoma. Ankati andiwerengera kale msonkho wa chaka chonse, ndipo pali R1,840 yoti andibwezere. Ndisanakwere n'komwe taxi ija, ndalamayo ndinali nditaigawa kale m'mutu: thumba la feteleza la amayi, yotsalayo nsapato zanga.

M'mawa mwake ndinakadzitama kuntchito kwa mayi wina wa ku Zimbabwe amene amakonza malipiro athu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kufunsa kuti, "Nanga nyumba yako ija ya ku Malawi, lendi yake unailemba?"

Vuto ndi langa lomwe. Nyumba imeneyo palibe amene sanaione pa kampani pathu. Kuyambira tsiku limene anayamba kukumba maziko mpaka tsiku lokhoma malata, zithunzi ndinkaonetsa aliyense, ngakhale alonda. Ili pa Mitundu, kuseri kwa msika: zipinda ziwiri kutsogolo, chipinda chachikulu chosungira katundu kumbuyo. Kuchokera mu 2022 ikubwerekedwa ndi kampani ina yogula soya ndi mtedza, K150,000 pamwezi. Ndalama imeneyi sindiigwira m'manja. Imapita ku mankhwala a BP a amayi, fizi ya mng'ono wanga, ndi maliro osatha a m'mudzi.

Ndinayankha mayi uja kuti nyumbayo ili kwathu, ndipo msonkho wake amadula komweko. Iye anangoti, "Unafika liti kuno?" Ndinati May 2018. Anawerenga ndi zala, kenako anati ndikaonane ndi munthu wodziwa za misonkho ndisanadye ndalama ija.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera, chifukwa nanenso ndinazimvetsa mochedwa. Munthu ukalembedwa ntchito ndi mapepala okwanira ku South Africa, bwana amadula msonkho mwezi ndi mwezi, PAYE yomweyi imene aphunzitsi ndi anamwino amadandaula nayo kwathu kuno. Chaka cha msonkho kumeneko chimayamba pa 1 March n'kutha kumapeto kwa February. Chikatha, bwana amakupatsa pepala lotchedwa IRP5 losonyeza zimene unalandira ndi zimene anadula. Uthenga umene ndinalandira uja amauwerengera kuchokera pa mapepala ngati amenewa, a kwa bwana, a ku banki. Zimene iwo sanauzidwe, udindo wozinena ndi wako, pa fomu yotchedwa ITR12. Zaka zonse zam'mbuyo ine ndinalibe choti ndiwonjezere. Chaka chimenechi zinali zitasintha ine osadziwa, ndipo chimene chinasintha si nyumba, si malipiro. Anali masiku.

Mlangizi wa za misonkho amene ndinapitako, mayi wachikulire wa ku Kempton Park, anandijambulira papepala makomo awiri. Anati kuyambira 2001 South Africa imakhometsa msonkho potengera kumene munthu amakhala. Mlendo wongodutsa amapereka pa ndalama zimene wapezera m'dzikomo basi. Koma amene lamulo lamutenga kuti ndi wokhala m'dzikomo amayenera kunena ndalama zake zonse, kaya zachokera ku Durban, kaya ku London, kaya kuseri kwa msika wa Mitundu. Ndipo munthu amalowa m'gulu limeneli kudzera pa limodzi mwa makomo awiriwo.

Khomo loyamba ndi funso lakuti kwanu kwenikweni n'kuti, kumene umabwerera ukatha kuyendayenda. Apa ndinayankha msanga ndi chifuwa chotukula kuti ku Mitundu, kwa T/A Chiseka, boma la Lilongwe. Mayiyo sanatsutse. Anangoyamba kufunsa modekha. Zovala zako zili kuti? Ukadwala umapita chipatala chiti? Umapemphera kuti Lamulungu? Banki imene umasungako ndalama ili kuti? Bedi limene umagonapo unagula kuti? Yankho lililonse linali Tembisa, Tembisa, Kempton Park, Tembisa. Pa Mitundu ndinapezapo amayi, nyumba imene sindinagonemo ngakhale usiku umodzi, ndi manda.

Khomo lachiwiri silifunsa za mumtima. Limawerenga. Ukakhala m'dzikomo masiku oposa 91 m'chaka chimenecho, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse cha zaka zisanu zam'mbuyo, ndipo onse pamodzi a zaka zisanuzo n'kupitirira 915, basi walowa. Ine chaka changa chachisanu ndi chimodzi chinayamba pa 1 March 2023. Tsiku limenelo ndinadzuka, kusamba, kupita kuntchito monga mwa masiku onse, osadziwa kuti pa nkhani ya msonkho ndasanduka munthu wa kumeneko.

Anandiuza kuti ndikawerenge zidindo za mu pasipoti kuti tikhale ndi umboni. Usiku umenewo ndinakhala pabedi ndi pasipoti ndi cholembera. Masiku a ku South Africa sanafune kuwerenga, anali ochuluka zedi, ndiye ndinangowerenga a kwathu. Mu 2018 sindinabwere, ndalama inali ya ngongole ya thiransipoti. December 2019, masiku 21. Mu 2020 malire anatsekedwa ndi Covid. Mu 2021 masiku 10, maliro a agogo aamuna, ndipo ndinafika ataika kale. December 2022 masiku 24. Mu 2023 masiku 16. Ndinaphatikiza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. 71. Zaka zisanu ndi chimodzi, masiku 71. Mbewu ya chimanga imene amayi amadzala siingache n'komwe m'masiku amenewo.

Chinandiseketsa mowawa n'chakuti pa pemiti yanga ndine mlendo, mu taxi ndikalankhula Chizulu changa chopindika ndine kwerekwere, koma pa fomu ya msonkho ndine wapakhomo. Sindikudandaula za kupereka ayi. Misewu ndimayendamo, chipatala ndinagonako. Ndipo anzanga opanda mapepala amene amanyadira kuti iwo msonkho sapereka amadzinamiza, chifukwa akagula sopo kapena mayunitsi, 15 peresenti ya VAT amaisiya pa kauntala pomwepo. Kungoti mawu akuti wokhala kuno ndinali ndisanawamvepo akunenedwa za ine, ndipo oyamba kuwanena anali okhometsa msonkho.

Nkhani yabwino inali yakuti sindimayenera kulipira kawiri pa ndalama imodzi. Lamulo la kwathu limayang'ana kumene ndalama yachokera. Malipiro anga a ku Joni MRA siikhudzana nawo, koma lendi ya pa Mitundu ndi ya m'Malawi, ndipo kampani yobwereka nyumba imadula withholding tax isanapereke ndalama kwa mwini nyumba. Ku South Africa lamulo limalola kuti msonkho umene wapereka kunja pa ndalama ya kunja auchotse pa umene akanakulipiritsa iwo. Maiko awiriwa alinso ndi pangano lopewa kukhometsa munthu kawiri, la mu 1971, chaka chimene Kamuzu anakacheza kwa John Vorster maiko ena a mu Africa atatembenuzira msana boma la tsankho. Pangano lakale kuposa amayi anga ena aang'ono, koma likadalipo. Chofunika chinali umboni basi: mapepala osonyeza kuti msonkho unadulidwadi ku Malawi, m'dzina langa.

Ndinaimbira mlongo wanga amene amaphunzitsa ku Nathenje kuti Loweruka akafike kwa amayi, ajambule masatifiketi a msonkho anditumizire pa WhatsApp. Anajambula. Onse anali m'dzina la amalume.

Nthawi imene kampani ija inkalowa m'nyumbamo ine ndinali kutali, ndiye amalume, monga mwini mbumba, ndi amene anasaina pangano la lendi. Palibe amene anaba kanthu. Koma pamapepala, ine ndinalibe nyumba, ndinalibe lendi, ndinalibe TPIN, ndipo ndinali ndisanaperekepo tambala ku MRA. Nthawi yotsekera mafomu ku South Africa inali October. Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri mu August n'kukwera basi. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, Dedza.

Amalume ndinawapeza pa khonde la golosale ina pa Mitundu akuonerera bawo. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mphwanga, boma la eni akelo linaumba nawo njerwa? Linatunga nawo madzi? Mchenga tinakatenga ife pa ngolo, iwo ali kuti?"

Ndinati amalume, ndi lamulo la kumeneko.

"Nanga ukangokhala chete adziwa bwanji? Abwera ndi ndege kudzaona nyumba ya pa Mitundu?"

Funso limeneli ndinali nditadzifunsa ndekha ulendo wonse, makamaka usiku tikudikira pa Beitbridge. Kunena zoona, mwina sakanadziwa. Ndikudziwa anyamata ambiri a ku Joni amene ali ndi nyumba za lendi kwa Chinsapo ndi ku Area 36, ndipo nkhani iyi sanaimvepo, akugona tulo tabwinobwino. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasankha kunena chifukwa ndine munthu wolungama. Ayi. Ndinali ndi chifukwa china chimene ndinali ndisanauze aliyense kwathu. Munthu amene wagwira ntchito ndi pemiti zaka zisanu ku South Africa amatha kupempha chilolezo chokhaliratu, ndipo ine mapepala ake ndinali nditayamba kale kusonkhanitsa. Sindinkafuna kuti tsiku lina wina adzatsegule faelo yanga n'kupezamo bodza. Amalume ndinangowauza kuti ndimaopa chindapusa. Anapukusa mutu n'kunena kuti sukulu imachititsa anthu mantha.

Masiku otsatirawo anali a minibasi. Kuchokera pa Mitundu, kudutsa pa Bunda, kutulukira pa Bunda Turn Off, kulowa m'tauni. Ku ofesi ya MRA ndinalembetsa TPIN, ndipo mtsikana amene anandithandiza anandionetsa mmene ndingalowere pa Msonkho Online ndili kunja. Kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, mumakhala kuno kumudzi masiku angati pachaka?" Anati nalonso lamulo la kwathu limawerenga masiku, 183 pa miyezi 12, ndipo kakhomedwe ka msonkho kamasiyana pakati pa wokhala m'dziko muno ndi wokhala kunja. Ndinamuuza kuti chaka chathachi anali 16. Analemba osakweza nkhope. Iye ankangogwira ntchito yake, koma ine ndinatuluka muofesimo ngati wina wandiponda chala. Ku Joni masiku anandilowetsa, kwathu masiku omwewo ananditulutsa.

Kampani yobwereka nyumba inandizunza koposa onse. Pankafunika pangano latsopano m'dzina langa, ndi kalata yonena kuti lendi ndi msonkho wa miyezi yapitayo zinali za nyumba yanga, amalume ankangondiimira. Kalaliki wa pa Mitundu anati zimenezo ndi za bwana. Bwana anali ku Nathenje kogula mtedza. Ndinakwera ya ku Dedza kukatsika pa Nathenje, anati wangochoka kumene, wapita cha ku Nkhoma. Mawa lake foni yake sinkapezeka. Tsiku lachinayi ndinamupeza atakhala pamwamba pa matumba akudya chimanga chootcha, ndipo anasaina kalata yanga ataitsamiritsa pa sikelo. Chidindo chinali m'tauni. Limenelo linali tsiku linanso.

Kenako masamu. Chaka cha boma kwathu kuyambira 2022 chimayamba April n'kutha March, cha ku South Africa chimayamba March n'kutha February, ndiye mapepala a mbali ziwirizi salingana, umachita kuwadula mwezi ndi mwezi. Ndipo zonse zimayenera kusinthidwa kukhala ma rand. Apa ndi pamene ndinaona ndi maso zimene zinachitika mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lendi yomweyo ya K150,000 imene mu October inali pafupifupi R2,400, mu December inali isakufikanso R1,700. Nyumba yomweyo, malata omwewo. Mlongo wanga, amene anandithandiza kulemba manambalawo m'kope la ana asukulu, anati, "Achimwene, inu mukuona lero papepala. Ife tinaona tsiku lomwelo pogula shuga."

Madzulo ena ndinapempha amayi masatifiketi enieniwo kuti ndikachititse fotokope. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi, chimene ndili mwana tinkaletsedwa kuchigwira. Masatifiketi anali pamwamba. Pansi pake panali makadi a ubatizo, kadi ya chipani ya nthawi ya Kamuzu, ndi timapepala tofiirira tomangidwa ndi ulusi. Anali malisiti a msonkho a agogo aamuna, bambo awo a amayi.

Mbiri yake tinaphunzira kusukulu koma sinkandilowa. Atsamunda a Harry Johnston anabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mashiling'i atatu, wolipira ndi ndalama m'dziko limene anthu ankasinthana mbuzi ndi chimanga. Ndalama inali kuminda ya azungu, ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ndiye amuna anayamba ulendo. Msonkho wa mwamuna aliyense wamkulu unapitirira ngakhale titalandira ufulu, ndipo amayi amakumbukira amuna akugona kudimba pothawa amesenjala. Agogo anapita ndi Wenela m'zaka za m'ma 1960. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo chinthu choyamba pobwera chinali kukadula msonkho. Anasiya kupita ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi.

"Iwowa ankabwera," anatero amayi akusanja timapepalato pa mphasa. "Akulu awo ndi amene anatchona. Kalata ziwiri basi, kenako zii. Mpaka lero sitidziwa kumene anaikidwa."

Mawu akuti mtchona kwathu si mawu opepuka. Ndinakhala chete kwa kanthawi, kenako ndinawauza zonse. Za makomo awiri aja, za masiku 71, ndi za mapepala okhaliratu amene ndinkasonkhanitsa. Ndinalankhula mofulumira, ndikuyang'ana chitini, ndikuwonjezera zifukwa zimene sanafunse: kuti pemiti imavuta kukonzanso, kuti ntchito kuno kulibe, kuti kukhaliratu ndi dzina chabe la pepala, pasipoti ikhalabe ya Malawi.

Amayi sanakalipe. Anafunsa kuti, "Ndiye boma la kumeneko lati iwe ndiwe wawo?"

Ndinati pa msonkho pokha, amayi.

"Nanga la kuno lati chiyani?"

Ndinati lati nyumbayi ndi ya kuno.

"Nyumba," anatero. Anatenga lisiti limodzi la agogo n'kuliwongola ndi chikhatho. "Masiku aja unati angati?"

Ndinati 71.

"Ine ndimayesa sakwana n'komwe pamenepo."

Anatseka chitini n'kupita kukaona ndiwo pamoto. Usiku umenewo tinadya nsima ya nkhwani wotendera, tikukamba za mbuzi ya aneba imene inalowa m'dimba.

Fomu ya ITR12 ndinaitumiza pa eFiling mu September, nditabwerera. Tinalemba lendi yonse, kuchotsapo ndalama imene ndinakonzera chitseko ndi denga lodontha, n'kulembanso msonkho umene unadulidwa ku Malawi. Anapempha umboni, ndinatumiza masatifiketi, pangano latsopano ndi kalata yosainidwa pa sikelo ija. Patapita milungu ingapo yankho linabwera. Pa R1,840 ija anachotsapo R310. Mlangizi anandilipiritsa R900. Basi yopita ndi kubwera, minibasi za pa Mitundu ndi fotokope sindinawerengere dala, ndingadwale. Amalume nditawauza pa foni anaseka kachiwiri, anati ndinapha njovu pofuna kuphika mbewa.

Ngati muli ku Joni, ku Cape Town kapena kwina, ndipo muli ndi kanthu kobweretsa ndalama kumudzi, musatenge nkhani yangayi ngati lamulo, chifukwa pemiti, zaka ndi mtundu wa ndalama zimasintha yankho. Koma pangano la lendi likhale m'dzina lanu, TPIN mukhale nayo, ndipo pepala lililonse la msonkho wodulidwa wina azilijambula tsiku lomwe lafika. Zimenezi zokha zikanandipulumutsa ku ulendo wa pa Nathenje.

Mapepala okhaliratu aja ali mu envulopu pansi pa matiresi ku Tembisa. Sindinawapereke, sindinawataye. Pa 71 paja ndinawonjezerapo 13 a mu August.

Mwezi wathawu mlongo wanga ananditumizira voice note. Kumbuyo kwake kunkamveka nkhuku ndi wailesi, kenako mawu a amayi akumuuza zoti anene. Anati pepala lija la boma la ku Joni losonyeza kuti ndinalipira, ndilitumize pa foni, akalisindikize pa Mitundu. Akufuna aliike m'chitini.